Tikukumbukira mtsikana wathu wa maloboti

Mwezi uno tikukumbukira mtsikana wathu uja wofufuza za maloboti amene anatisiya akadali wamng'ono. Mzimu wake uuse mumtendere. Khumbo lake linali lakuti galimoto izizindikira yokha munthu kapena wakabaza amene ali kutsogolo. Achinyamata a ku Blantyre kuno amene mwayamba kugwira masensa (tizipangizo tothandiza makina kuzindikira zomwe zili pafupi nawo), tengani mfundo zakezi.

Kasensa koyeza mtunda kotchedwa HC-SR04 kamayendera magetsi a mavoti 5 (5V). Kamatulutsa phokoso la 40 kHz (mafunde 40,000 pa sekondi) lomwe khutu silimva, kenako n'kudikira kuti ligunde chinthu n'kubwerera. Nthawi yobwererayo, mu microseconds (sekondi imodzi ili ndi ma microseconds miliyoni imodzi), mukaigawa ndi 58 mwapeza mtunda mu masentimita, kuyambira 2 mpaka 400. Vuto n'lakuti 58 ameneyu amawerengera kuti kunja kuli madigiri 20, pomwe phokoso limathamanga mamita 343 pa sekondi. Dzuwa la Okutobala likafika madigiri 35, liwiro limakwera kufika 352, ndiye pa mamita atatu mwaphonya ndi masentimita pafupifupi 8. Mtsikana wathuyu ankaumirira kuti pambali pa HC-SR04 pazikhala kasensa koyeza kutentha. Matope akamata pa sensa ya pa bampa, sensayo imanama kuti pali chinthu pafupi. Pukutani ndi kansalu konyowa musanathamangire kogula ina.

Chiperoni chikatsika ku Limbe m'mwezi wa Juni, kamera ndi LiDAR (sensa yoyeza mtunda ndi kuwala kwa laser) zimachita khungu chifukwa kuwala kumamwazika m'timadontho ta nkhungu. Radar ya 77 GHz (sensa yoyeza mtunda ndi mafunde a wailesi) imaboola nkhunguyo, koma imavutika kusiyanitsa munthu woima ndi chikwangwani cha m'mbali mwa msewu. N'chifukwa chake mtsikana wathuyu ankaziphatikiza zonse zitatu pa galimoto imodzi.