Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Mmene inafera Mawanga

Zikomo nonse amene munalemba pansi pa gawo lapitali. Ambiri mwafunsa chinthu chimodzi: ngati ndinakhoza bwino chomwecho, n'chifukwa chiyani ndinakhala pakhomo chaka chathunthu anzanga ali ku sekondale? Nkhaniyi ndakhala ndikuizemba, chifukwa ikukhudza agogo aamuna, amene mukudziwa kale mmene ndinkawakondera, komanso amalume, amene ali moyo mpaka lero. Ndamva kuti ana awo amawawerengera zimene ndimalemba pano. Awawerengere ndithu, ndipo asadumphe mzere.

Mukuikumbukira Mawanga, mkota uja mayi anandisiyira popita kukafuna ntchito bambo atamwalira. Mbuzi imeneyo ndiyo inali fizi yanga, aliyense pakhomo ankadziwa. Dzinja limenelo inaswa ana awiri, ndipo posakhalitsa inayamba kutha thupi. Ubweya unanyankhalala, pobwera kubusa inkatsalira m'mbuyo, pansi pa chibwano panatupa kofewa, kuti ukadina chala pankatsala kadzenje. Kudya inkadya, kutsegula m'mimba ayi. Agogo anaiyang'ana n'kunena mawu amodzi okha: nyongolotsi.

Mankhwala awo anali fodya. Ankatenga masamba ouma, n'kuwanyenyanyenya m'chitini cha madzi, n'kusiya usiku wonse. Pofika m'mawa madziwo ankakhala akuda bii, fungo lake loluma m'mphuno. Mbuzi zonse za m'khola mwathu zinamwapo madzi amenewo zaka zambiri, ndipo sindinaonepo ina itafa. Koma tsikulo amalume anafika agogo akuthira madziwo m'botolo, atafika pamlingo wawo wa nthawi zonse. Anati, "Bambo, onjezerani. Mbuzi iyi nyongolotsi zake zakhwima, timadzi timeneto sitingachite kanthu." Agogo anakayika pang'ono, koma anaonjezera.

Woigwira ndinali ine. Ndinaipana khosi ndi mawondo, ndinaikweza mutu, agogo analowetsa botolo cham'mbali mwa kamwa. Inameza movutika, ikuphiriphitha, madzi ena akutsikira m'manja mwanga. Titaisiya inaima kanthawi ili duu. Kenako dovu linayamba kuchucha. Mnofu wa paphewa unayamba kunjenjemera wokha, kunjenjemerako kunafalikira m'miyendo, inayenda modzandira n'kukagwa pafupi ndi khomo la khola. Inkapuma mothamanga, nthiti zikuoneka zonse, maso ali tong'oo. Ana ake ankaizungulira akulira, kamodzi kakuyesa kuyamwa mayi wake ali chigonere. Ndinaika mutu wake pamiyendo panga ndikuitana dzina lake, ndipo ndinamva ndi manja anga kupuma kuja kukuchepa, kukutalikirana, mpaka ndinadikira mpweya wina umene sunabwere. Dzuwa linali lisanafike pamutu.

Agogo anangoti chilili, botolo lili m'manja. Amene anayankhula ndi amalume. "Iwe, dzulo unakaidyetsa kuti mbuzi imeneyi? Yadya chiyani? Mwana uyu kubusa amangokhalira mabuku, ziweto zikudya zapoizoni." Anabwereza kwa aliyense amene anabwera kudzaona, ndipo pofika madzulo nkhani inali itakhazikika kuti ndapha ndekha fizi yanga. Ndinayang'ana agogo kuti anene kanthu. Sananene. Ndinawakhululukira kalekale, chifukwa ndinaona mmene manja awo ankanjenjemerera, koma chete ameneyo anandipweteka kuposa mawu a amalume.

Poisenda ndinali pompo. Magazi anali ochepa ndiponso opyapyala, nyama yotuwa. Agogo atang'amba chifu chomaliza, chija cholumikizana ndi matumbo, anandikodola. M'kati munali tinthu tambirimbiri ngati tiulusi, kutalika kwake kosaposa kachigawo ka chala, tina topotana kofiira ndi koyera. Tina tinali tikugwedezeka. Mbuzi yafa, ito tili moyo. Agogo anatiyang'ana nthawi yaitali, n'kupukuta mpeni.

Panapita zaka, ndinamaliza sukulu mochedwa, ndinakwatira, ndinayamba kuweta mbuzi zanga. Ndi pamene mlangizi wina wa ziweto, nditamufotokozera zonsezi, anandimasulira zimene ndinaona ndili mwana. Nyongolotsi ija dzina lake ndi Haemonchus contortus. Imakhala m'chigawo chachinayi cha mimba ya mbuzi ndi nkhosa, ndipo imayamwa magazi. Kufiira kuja ndi magazi a mbuziyo ali m'matumbo mwake, kuyerako ndi thumba la mazira. Yaikazi imodzi imaikira mazira masauzande patsiku. Mazirawo amatuluka ndi ndowe, amaswa kukakhala kofunda ndi konyowa, timphutsi take timakwera pamsipu ndi mame, mbuzi n'kutidya, ndipo pakangotha milungu itatu nato tayamba kuikira. Mkota umene wangoswa kumene chitetezo chake chimatsika, n'chifukwa chake Mawanga inagwidwa kwambiri kuposa zinzake. Kutupa kwa pachibwano kuja chinali chizindikiro chakuti magazi atha.

Pano ndiime kaye, chifukwa wina analemba nthawi ina kuti agogo anga anali munthu wa zikhulupiriro zachabe. Ayi. Mu fodya muli nikotini, ndipo nikotini amaumitsadi minofu ya nyongolotsi. Alimi a nkhosa m'mayiko ambiri ankamwetsa ziweto zawo mankhwala a nikotini otchedwa nicotine sulphate, osakaniza ndi ena otchedwa copper sulphate, mpaka pamene kunabwera mankhwala atsopano a nyongolotsi: phenothiazine cha m'ma 1940, kenako thiabendazole mu 1961 ndi ivermectin mu 1981. Ngakhale mankhwala a nyongolotsi otchedwa levamisole, amene amagulitsidwa lero, amagwira nyongolotsi pamalo omwewo pamene nikotini amagwira. Agogo ankadziwa chinthu choona. Chimene analibe ndi muyeso. Nikotini yemweyo amagwiranso mitsempha ndi minofu ya mbuzi, kuphatikizapo minofu yopumira, ndipo mlingo wovulaza nyongolotsi uli pafupi kwambiri ndi mlingo wopha mbuzi. Kuonjezera apo, tsamba ndi tsamba mphamvu zimasiyana, kutengera mtundu wa fodya ndi pamene tsambalo linali pamtengo wake. Chitini cha lero sichifanana ndi cha mawa. Ukathira pang'ono, nyongolotsi zimatsala. Ukathira wambiri, mbuzi yofooka kale imapita. Dovu, kunjenjemera, kudzandira, kupuma mothamanga kenako kusiya: zimenezo ndi zizindikiro za poizoni wa nikotini, ndipo zinayamba titangochotsa botolo pakamwa. Amalume, sindinaidyetse kolakwika mbuzi ija. Mwina nyongolotsi zikanaipha ndithu m'masiku otsatira, koma m'mawa umenewo inafa ndi zimene munati aonjezere, ndipo munadziwa, n'chifukwa chake munafulumira kuloza ine.

Ndikudziwa kuti ena mundiuza kuti kwanu mbuzi zimamwa fodya ndipo mumaona nyongolotsi zikutuluka. Tizidutswa toyera, tophwatalala, timene mumaona m'ndowe ndi ta nyongolotsi ina, yaitali ija ya mfundomfundo, ndipo timathothoka tokha ngakhale mbuzi isamwe kanthu. Yoyamwa magazi sioneka chotero. Mazira ake amafuna makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Ndikumvetsanso chimene chikubwezera anthu ku fodya. Mankhwala ogula m'malo ambiri asiya kugwira bwino, chifukwa nyongolotsi zinawazolowera pomwetsedwa kawirikawiri ndiponso mopereweza. Vuto limenelo ndi lenileni, koma fodya salithetsa. Ndipo ngati mumakama mbuziyo, nikotini amalowanso mumkaka.

Ine masiku ano ndimayamba ndi diso. Ndimatsitsa chikope cham'munsi ndi chala chachikulu, poyera padzuwa. M'kati mukakhala mofiira, mbuziyo ndimaisiya. Mukayamba kutuwa, ndimaipatsa mankhwala molingana ndi kulemera kwake, nditafunsa a zaziweto. Njira imeneyi imatchedwa FAMACHA, inayambira ku South Africa m'zaka za m'ma 1990, ndipo ili ndi kakhadi ka mitundu isanu koyerekezera. Kusiya zolimba osazimwetsa kumathandiza kuti nyongolotsi zisazolowere mankhwala msanga. Sinditsegula khola mame asanaume, ndipo mkota umene wangoswa ndimaudulira masamba a mitengo n'kuwamangirira m'mwamba, chifukwa timphutsi tija timakhala pansi, pafupi ndi dothi. Chikope cha Mawanga palibe anachitsegula. Tikanachitsegula tikanapeza choyera mbee, ndipo agogo, mmene ndinkawadziwira, sakanaithira fodya wamphamvu mbuzi yopanda magazi.

Agogo sanaviikenso fodya mpaka imfa yawo. Mwa ana awiri a Mawanga, kamodzi kanatsatira mayi wake sabata yomweyo. Kotsalako ndinakalera ndi manja, agogo akundithandiza usiku, ndipo ndi komwe kanadzandipititsa ku sekondale chaka chotsatira. Mayi uthenga umene unawapeza unali wa amalume, wakuti ndataya mbuzi chifukwa cha ulesi. Mmene anabwerera, ndi zimene zinayankhulidwa pakati pa iwo ndi mchimwene wawo ine ndikumvera kuseri kwa khola, ndikuuzani m'gawo lotsatira.