Kaseti ya amalume ndi mawu a Freddie Mercury

Kasetiyo ndinaipeza m'sutikesi ya malemu amalume, pansi pa majuzi awiri amene njenjete zinali zitaboola kale. Inali ya mtundu wa C90, ndipo pachikuto pake analembapo ndi bolopeni yofiira mawu awiri okha: "Freddie, wayilesi". Chaka panalibe, dzina la pulogalamu panalibenso. Amalume anakaphunzira ku Manchester chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, anabwerako mu 1990, ndipo anatisiya mu 1996 ine ndili Sitandade 7. Nyimbo za gulu la ku Britain la Queen ndinazidziwira pakhonde pawo ku Chilomoni. Iwo ndi amene anandiuza kuti woimba wa gululi, Freddie Mercury, anabadwira ku Zanzibar mu 1946, dzina lake lenileni ndi Farrokh Bulsara, ndipo banja lawo linathawa pachilumbapo mu 1964 boma litagwetsedwa. Ankanena zimenezi monyadira, ngati akukamba za mwana wa m'mudzi woyandikana nawo.

Mtima unkafuna ndiilize usiku womwewo, koma ndinadzigwira. Kaseti imene yagona zaka zoposa 30 siyoponya m'wayilesi iliyonse. Ndinapita nayo ku Limbe kwa bambo wina wokonza mawayilesi. Anaiyang'ana cha kudzuwa n'kundionetsa kuti kansalu kakang'ono kamene kamakankhira tepi kumutu wa makina kanali katayoyoka. Anamasula timasikuluwu tisanu, n'kusamutsira tepiyo m'chikuto cha kaseti ina yabwinobwino. Akuizunguliza pang'onopang'ono ndi bolopeni, anapeza malo amene makina ena anaitafunapo kalekale, pafupifupi mamita awiri okwinyikakwinyika. Tepi ya kaseti imayenda masentimita 4.76 pa sekondi, ndiye kuti pamenepo panali masekondi oposa 40 owonongeka.

"Achimwene," anatero, "iyi muilize kamodzi kokha, ndipo mukamailiza muzijambuliratu. Kachiwiri sindikulonjezani."

Ndinachita zomwezo. Ndinalumikiza makina a kaseti ku laputopu ndi kachingwe, n'kujambula ndi Audacity, pulogalamu yaulere. Ndinasunga ngati WAV osati MP3, chifukwa MP3 imataya tizidutswa ta mawu, ndipo pamawu ofooka kale ngati amenewa simufuna kutaya kalikonse. Fayiloyo ndinaikopera pawiri ndisanaigwire n'komwe.

Kujambulako kumayambira pakati pa nkhani, zikuoneka kuti amalume anatsegula mochedwa. Sanalumikize chingwe, anangoika rekoda pafupi ndi wayilesi, moti chipinda chawo chonse chinalowa m'kaseti: mpando ukulira, ketulo ikuwira chapatali, ndiponso iwo eni akutsokomola kawiri. Pamwamba pa zonsezi pali amuna asanu akucheza ndi kuseka, mmodzi wofunsa, anayi oyankha. Pamalo otafunidwa paja ndi pamene wofunsayo akufunsa za maulendo okaimba, Freddie n'kuyamba kuyankha, mawu ake n'kumamveka ngati a munthu wolankhulira pansi pa madzi. Masekondi amenewo ndi amene anandisowetsa tulo. Ndinkafuna kumva chimene ananena.

Ndinatenga kope n'kumvetsera fayiloyo katatu, ndikulemba chilichonse chimene chingandilozere njira. Akukamba za chimbale chatsopano chotchedwa The Miracle, ndipo chimenecho chinatuluka pa 22 Meyi 1989. Onse anayi a Queen alipo, Freddie, Brian May, Roger Taylor ndi John Deacon, ngakhale womalizayu sankakonda kulankhula pagulu. Dzina la siteshoni, Radio 1 ya BBC, likumveka kamodzi. Zitatu zimenezi zinali zokwanira, ndikanangozitsatira. M'malo mwake ndinathamangira pa YouTube, ndipo kumeneko ndinatayako milungu iwiri pamodzi ndi mabandulo ambirimbiri.

Vuto la kumeneko n'lakuti aliyense amalemba mutu umene akuona kuti ukopa anthu. Mavidiyo angapo osiyanasiyana onse amadzitcha kucheza komaliza kwa Freddie Mercury. Ena ndi zidutswa za kucheza kwake ndi mtolankhani David Wigg, kumene kunatuluka pa chimbale chapadera m'bokosi la The Solo Collection mu 2000. Ena ndi a ku Munich mu 1984, pamene anacheza ndi Rudi Dolezal. Ndinapezanso kucheza kwake ndi mnzake Kenny Everett pa Capital Radio mu 1976, kosangalatsa zedi, koma kosiyana ndi kwanga ndi zaka 13. Zina zinali zodulidwadulidwa, wina ataikanso nyimbo yachisoni pansi pake, mawu a chaka china atalumikizidwa ndi a chaka china popanda kukuuzani. Chinandithandiza kuzikana zonsezi ndi kope lija. Pa kaseti yanga pali anthu anayi oyankha, ndiye chilichonse chimene Freddie ali yekha ndinkachidumpha.

Njira inatseguka nditasiya kufunafuna mawuwo n'kuyamba kufunafuna tsiku. BBC inatenga makope a magazini yake ya Radio Times, imene inkasindikiza ndandanda ya mapulogalamu mlungu uliwonse, kuyambira 1923 mpaka 2009, n'kuika zonsezo pa intaneti pansi pa dzina loti Genome. Masiku ano zili mu BBC Programme Index, ndipo kufufuzamo n'kwaulere. Mumalemba dzina, n'kusankha siteshoni ndi chaka. Mukangolemba "Queen" paokha mumira, chifukwa mawuwo amatanthauzanso mfumukazi, ndipo ku Britain mapulogalamu okhudza mfumukazi ndi osawerengeka. Ndinachepetsa mpaka kutsala ndi Radio 1, milungu yozungulira kutuluka kwa chimbale chija. Pulogalamu yanga inali Queen for an Hour, wofunsa anali Mike Read, ndipo inaulutsidwa Lolemba pa 29 Meyi 1989, tsiku limene ku Britain linali la tchuthi. Pamenepo ndinamvetsa chifukwa chake amalume anali m'chipinda mwawo ndi ketulo m'malo mokhala m'kalasi.

Dziwani kuti ndandanda imeneyi imangokupatsani zolembedwa, dzina, tsiku ndi nthawi. Mawu enieniwo a mapulogalamu ambiri akale mulibemo. Komabe mukakhala ndi dzina lolondola, mwayenda ulendo woposa theka, chifukwa tsopano mukudziwa chofunsa.

Ndinaganizapo za British Library ku London, imene imasunga zojambulidwa zoposa 6 miliyoni, koma zambiri mwa izo zimafuna kuti munthu apite komweko akamvetsere. Kwa ine wa ku Blantyre imeneyo sinali njira. Ndinalowa pa Discogs, kumene anthu ogula ndi kugulitsa zimbale analembamo pafupifupi chimbale chilichonse chimene chinatulukapo, ndi ndandanda ya zimene zili m'kati mwake. Muli zimbale zambiri za kucheza ndi oimba zimene makampani ang'onoang'ono ankatulutsa m'ma 1980, zokhala ndi chithunzi cha woimba pamwamba koma osanena kuti mawuwo anajambulidwa liti kapena kuti. Zimenezo ndinazisiya. Ndinkafuna chimene chatchula pulogalamu yanga ndi dzina lake.

Ndinapeza mabokosi awiri oti n'kuwaganizira. Loyamba ndi Queen On Air la mu 2016, la ma CD 6, atatu mwa iwo ali a zocheza za pawayilesi zokhazokha. Lachiwiri ndi The Miracle Collector's Edition, limene linatuluka pa 18 Novembala 2022, ndipo muli chimbale chimodzi cha zocheza za pawayilesi za nthawi imeneyo: Queen for an Hour, kuphatikizapo zidutswa zimene sizinaulutsidwe, ndi pulogalamu ya ku America yotchedwa Rockline. Ndinasankha lachiwirili chifukwa cha zidutswa zosaulutsidwazo. Apa pali msampha umene ndinatsala pang'ono kugweramo. Mabokosi onse awiriwa ali ndi ang'ono awo a ma CD awiri, otsika mtengo, a chikuto chofanana, koma mulibe zocheza ngakhale pang'ono. Musagule poona chithunzi. Werengani ndandanda ya chimbale chilichonse, ndipo ngati mukugula logwiritsidwapo kale ntchito, pemphani wogulitsayo akutumizireni chithunzi cha zimbale zonse zitayalidwa.

Kugula kwake kunali nkhani ina. Khadi langa la kubanki linakana kawiri, ndipo kwacha itatsika ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa bokosilo unangosanduka wa matumba angapo a feteleza. Ndinaimbira msuweni wanga, mwana wa amalume omwewo, amene tsopano amagwira ntchito ya unamwino ku England. Nditamufotokozera, anakhala chete kaye, kenako anati, "Msuweni, ndikugulira, koma unditumizire kaye ya adadiyo." Ndinamutumizira usiku womwewo. Bokosilo linabwera m'chikwama chake pa Khirisimasi, litakulungidwa m'thawulo.

Kuti nditsimikize kuti ndi pulogalamu yomweyo, ndinaika mafayilo awiriwo mu Audacity, ina pamwamba ina pansi. Musadalire mphindi polinganiza, chifukwa rekoda ya amalume inkathamanga pang'ono ndipo panali pamene anatembenuza kaseti. Ine ndinasaka kuseka kwina kwa Roger Taylor kumene ndinali nditakuloweza, ndipo nditakupeza pa CD, zonse zinagwirizana, mawu ndi mawu. Kenako ndinapita pamalo otafunidwa paja.

Chimene Freddie ananena n'chachidule. Anati akufuna kusintha chizolowezi chimene anakhala nacho zaka zambiri, chotulutsa chimbale, kuzungulira dziko kukaimba, kutulutsa china, kuzunguliranso. Anachinena modekha, ngati nkhani wamba ya ntchito. Koma ine ndinkamvetsera ndikudziwa zimene amalume sankadziwa tsiku limenelo. Konsati yomaliza ya Freddie ndi Queen inali itachitika kale ku Knebworth, ku England, pa 9 Ogasiti 1986, ndipo sanadzakwerenso nawo pa nsanja kukaimba. Pa nthawi ya kuchezaku anali akudwala kale. Analengeza kuti ali ndi Edzi pa 23 Novembala 1991, n'kumwalira mawa lake kunyumba kwake ku Kensington, ali ndi zaka 45.

Ndinabwereza masekondi amenewo kambirimbiri. Mawu ngati amenewo ndimawadziwa, ngakhale kwathu sankanenedwa m'Chingerezi. Ndinawamva kwathu m'zaka za m'ma 1990, anthu akuti angotopa, akufuna kupumulako pantchito, nyengo siikuwayanja. Amalume nawonso ankatero m'chaka chawo chomaliza, akuti akungofuna kusiyako kuyendayenda. Pamaliro awo palibe anatchula dzina la matendawo, ndipo m'banja mwathu linadzatchulidwa patapita zaka zambiri, motsitsa mawu. Sindikumuweruza Freddie chifukwa chobisa, monganso sindiwaweruza amalume. Manyuzipepala a ku London ankamusaka usana ndi usiku, ndipo munthu ali ndi ufulu wosunga nkhani ya thupi lake. Chimene chinandikhudza n'chakuti m'pulogalamu yonseyo akuseka, akuselewula anzake, akukamba za nyimbo ngati munthu amene ali ndi zambiri zoti achite. Ndipo anachitadi, chifukwa chimbale china cha Queen, Innuendo, chinatuluka mu Febuluwale 1991 iye akadali moyo. Tizidutswa ta pa intaneti tija timadula kuseka konseko n'kusiya chisoni chokha, pamene munthu amene ali pa kaseti ya amalume si wachisoni.

Lamulungu lotsatira ndinapita kwa amayi ndi laputopu. Msuweni wanga analinso komweko. Ndinayamba ndi CD, mawu oyera bwino opanda phokoso. Amayi anamvetsera kwa mphindi zingapo akusenda nandolo, kenako anapukusa mutu.

"Mwanawe, Chingerezi chothamanga chotere ine ndichimva bwanji? Ika ija ya achimwene."

Ndinatsegula fayilo yakale ija. Mpando unalira, ketulo inayamba kuwira. Pamene amalume anatsokomola koyamba, amayi anaika lichero pansi n'kundiuza kuti ndibwezere m'mbuyo pang'ono.