Timagulitsa njuchi, uchi umabwera pambuyo

Anthu akamva kuti timaweta njuchi, funso lawo loyamba limakhala la uchi. Uchi timagulitsadi, ndi phula lomwe, koma ndalama zambiri zimachokera ku njuchi zenizenizo: ming'oma yokhala kale ndi njuchi imene timagulitsa kwa oyamba kumene ulimiwu, ndi ina imene timabwereketsa kwa eni minda ya zipatso mitengo ikachita maluwa.

Ine ndi mlongo wanga tinayamba ngati mmene ambiri amayambira, kupaka phula m'ming'oma n'kudikira kuti njuchi zilowe zokha. Zinalowadi. Koma chaka ndi chaka, maluwa akachuluka, mng'oma wamphamvu umene tinkaudalira ndi umene unkagawikana, pafupifupi theka la njuchi n'kuuluka osabwereranso. Wofuna uchi akaona zimenezi amadandaula kuti waluza, pamene kwa njuchi kumeneko ndiye kubereka. Tinaona kuti m'malo molimbana nazo, ndi bwino tizizigawa tokha nthawi isanakwane, magulu atsopanowo akhale malonda athu.

Kuti munthu agawe mng'oma ayenera kudziwa zimene zimachitika mkatimo. Mayi wa njuchi zonse ndi mmodzi, mfumukazi, ndipo nthawi ya maluwa amatha kuikira mazira opitirira 1,500 pa tsiku. Dzira limene lakumana ndi umuna limatulutsa njuchi yaikazi. Limene silinakumane nawo silifa ayi, limatulutsa yaimuna, moti njuchi yaimuna ili ndi mayi koma ilibe bambo. Wansembe wina wa ku Silesia ku Ulaya, Jan Dzierżon, ananena zimenezi mu 1845, ndipo panapita zaka anthu asanamukhulupirire. Dzira la njuchi yantchito ndi la mfumukazi n'limodzimodzi, chimene chimasiyanitsa ndi kadyetsedwe. Mphutsi imene njuchi zaisankha kuti ikhale mfumukazi zimaimangira kachipinda kakakulu kolendewera pansi, n'kumaidyetsa chakudya choyera ngati mkaka chimene njuchi zazing'ono zimatulutsa m'mitu mwawo. Mfumukazi imatuluka pakatha masiku 16 dzira litaikidwa, yantchito pafupifupi masiku 21, yaimuna 24.

Ndiye tikamagawa, timatenga zisa zokhala ndi mazira ndi timphutsi tating'ono, zina za uchi ndi mungu, pamodzi ndi njuchi zimene zili pazisapo, n'kuziika mu mng'oma wina. Pakangotha maola ochepa zimazindikira kuti fungo la mayi wawo palibe, ndipo zimayamba kulera wina. Apa ndi pamene mlongo wanga amati tizichotsa manja, chifukwa zotsalazo si zathu. Mfumukazi yatsopanoyo iyenera kutuluka kukakumana ndi zazimuna m'mwamba, nthawi zambiri zoposa 10, zochokera m'magulu ena. Yaimuna iliyonse imene yakwanitsa imafera pomwepo. Umuna umene mayi watsopanoyo watenga pa maulendo ochepawo amausunga m'thupi n'kuugwiritsa ntchito moyo wake wonse, zaka ziwiri, zitatu kapena kupitirira. Kukakhala mvula yosalekeza, kapena mbalame ikamuwakha panjira, gulu lonselo latha pokhapokha tilipatse chisa china cha mazira. N'chifukwa chake sitigawa nthawi imene m'ming'oma mulibe zazimuna, ndipo sitigulitsa mng'oma tisanaone ndi maso kuti mayi watsopano wayamba kuikira.

Zobwereketsa ming'oma zinayamba ndi mlimi wina wa zipatso amene mitengo yake inkachita maluwa ambiri koma zipatso zochepa. Thupi la njuchi lili ndi ubweya wa nthambinthambi umene mungu umakanirirapo, ndipo pamiyendo yakumbuyo pali timalo tonyamulira mungu wopita nawo kukadyetsa ana. Chimene eni minda amalipira kwenikweni ndi khalidwe lake: njuchi ikayamba mtundu umodzi wa maluwa imakakamira womwewo pa ulendo wonse, choncho mungu umafika pa duwa loyenera. Imene yapeza maluwa abwino imakavina pachisa kusonyeza zinzake mbali ndi mtunda wake, zimene wasayansi wina, Karl von Frisch, anafufuza mpaka kulandira mphoto ya Nobel mu 1973. Ntchito yobwereketsayi si yachilendo. Ku California, m'dziko la America, ming'oma pafupifupi mamiliyoni awiri imatengedwa pa magalimoto kupita m'minda ya mtedza wa maalimondi mwezi wa February uliwonse. Ifeyo ndi ochepa chabe, koma pangano lathu ndi lolimba: mwini munda sapopera mankhwala ophera tizilombo maluwa ali otsegula, ndipo akafuna kupopera amatiuziratu kuti tichotse ming'oma.

Dandaulo limene timalimva kawirikawiri ndi lakuti njuchi zathawa. Wogula amabwera nkhope ili gwa, akuganiza kuti tinamugulitsa zoipa. Koma njuchi za kumadera otentha n'zosiyana ndi za kumene kumagwa chipale chofewa. Za kozizira zilibe kothawira, choncho zimasunga uchi wambiri, n'kuunjikana pamodzi mpaka kuzizira kutatha. Za kotentha zikaona njala, ludzu, nyerere kapena kusokonezedwa pafupipafupi, zimangonyamuka zonse kukafuna kwina, ndipo zimagawikana kawirikawiri. Khalidwe limeneli ndi limene linachititsa kuti njuchi zochokera ku Africa, zimene zinapititsidwa ku Brazil mu 1956 n'kupulumuka chaka chotsatira, zifalikire mpaka kufika ku Texas, m'dziko la America, mu 1990. Munthu sangazisinthe mtima. Chimene angachite n'kuchotsa zifukwa zothawira.

Zifukwazo zambiri n'zosavuta. Ana a njuchi amafuna kutentha kwa madigiri 34 mpaka 35, kukatenthetsa njuchi zimatunga madzi, kuwamwaza pazisa n'kumakupiza ndi mapiko. Mng'oma woikidwa padzuwa, kutali ndi madzi, umathera mphamvu pa ntchito imeneyi m'malo motuta chakudya. Miyendo ya thandala loikapo mng'oma timaipaka girisi kuti nyerere zisakwere. Pofula timasiyako zisa za uchi, ngakhale mtima ukufuna kukokolola zonse, chifukwa uchiwo ndi nkhokwe yawo ya nthawi yopanda maluwa.

Chovuta, chimene chimatilepheretsa kukula mofulumira, ndi malo. Njuchi zambiri zimatuta mkati mwa makilomita awiri kapena atatu kuchokera pa mng'oma, ndipo maluwa a m'dera limenelo ali ndi malire. Ukawonjezera ming'oma pamalo amodzi, uchi wa mng'oma uliwonse umatsika, komanso umalanda chakudya cha njuchi zakutchire, agulugufe ndi tizilombo tina timene timathandiza zomera zimene njuchi zathu sizilabadira. Ena amati tikuchita ulesi posaonjezera. Ife tinasankha kumwaza ming'oma m'malo angapo ndi kubzala mitengo yochita maluwa m'miyezi yosiyanasiyana, ngakhale kuti mtengo umatenga zaka kuti uyambe kutibwezera.

Wofuna kugula timayamba tapita kukaona malo ake. Timayang'ana mitengo imene ilipo ndi miyezi imene imachita maluwa, kumene kuli madzi, mthunzi, kutalika kwake ndi nyumba, njira ndi makola a ziweto, ndiponso ngati oyandikana naye amapopera mankhwala. Ena timawauza kuti abzale kaye, adzabwere chaka chamawa, ndipo si onse amene amabweranso.