Mtima wa mbuzi ya Khirisimasi

Anyamata atamaliza kusenda mbuzi, ndinawapempha kuti mtima asauduledule, andipatse wathunthu m'mbale. Anandiyang'ana ngati ndayamba using'anga. Ine ndinkafuna kuwaonetsa amalume, omwe anali atangofika kuchokera ku Johannesburg, komwe miyezi ingapo m'mbuyomo anawaika kachitsulo mumtsempha wa mtima. Zomwe dokotala anawauza kumeneko zinangowadutsa, ndiye poti pabanja pathu namwino ndine, mlandu unagwera ine.

"Ndiuze, iwe," anatero. "Mtima si wodzaza magazi? Nanga unasowa bwanji magazi?"

Funso lomveka. Mtima wa munthu wamkulu umapopa malita pafupifupi 5 pa mphindi, koma magazi odutsa m'zipinda zakewo sudyako, khoma lake n'lochindikala kwambiri. Uli ngati amayi ophika pamaliro: mapoto ali pamaso pawo, koma mbale yawo imabwera padera.

Ndinang'amba mtsempha waukulu wotuluka pamwamba, wotchedwa aorta. Patsinde pake penipeni pali timabowo tiwiri, ndipo apo ndi poyambira mitsempha iwiri yodyetsa mtima. Madokotala amaitcha coronary, mawu ochokera ku Chilatini otanthauza chisoti chachifumu, chifukwa imazinga mtima ngati nkhata pamutu. Ya mbuzi siyendera ndendende momwe imayendera yathu, koma pophunzitsira imakwana. Mwa munthu, mphako yake ndi mamilimita 3 kapena 4 basi. Amalume anayerekeza ndi chala, n'kupukusa mutu.

Wa kumanzere ndi waufupi, usanapite patali umagawika pawiri. Nthambi imodzi imatsika kutsogolo, pakati pa zipinda ziwiri za m'munsi, n'kumadyetsa mbali yaikulu ya chipinda chomwe chimakankhira magazi m'thupi lonse. Kuchipatala timaitchula mwachidule kuti LAD, ndipo ikatsekeka kumtunda timathamanga, chifukwa imapha msanga. Inayo imakhotera kumbuyo. Wa kumanja umatsata kangalande kake mpaka kunsi kwa mtima, ndipo mwa anthu ambiri ndi womwe umadyetsanso timagawo toyendetsa kugunda.

Wa amalume wotsekeka unali wa kumanjawu. N'chifukwa chake iwo sanagwire pachifuwa ngati a m'mafilimu. Anamva kuwotcha pamwamba pa mimba, anasanza, thukuta lili kamukamu, n'kumati ndi chilungulira cha nyama ya dzulo. Anamwa mankhwala a m'mimba n'kukagona. Apa ndinawakalipira ndithu, ulemu ndinauika pambali, chifukwa mnofu wa mtima ukamanidwa magazi umayamba kufa pakangotha mphindi 20 kapena 30, ndipo wofawo suphukanso.

Chomwe chimandizizwitsa ine mpaka lero ndi ichi. Ndinawapatsa mtima uja kuti aufinye m'dzanja. Mtima ukafinyika chonchi kuti utumize magazi, timitsempha tolowa mkati mwa mnofu wake timapanikizika, makamaka kumanzere. Ndiye iwo umadya pomwe wamasuka, pakati pa kugunda ndi kugunda. Munthu akamakwera chitunda, kugunda kumachuluka, mpata wodyera uja n'kufupika, pomwe njala yakula. Kuwonjezera apo, ngakhale munthu ali chikhalire, mtima umayamwa pafupifupi magawo atatu mwa anayi a okosijeni wa m'magazi oufikira, pomwe thupi lonse pamodzi limangotengako gawo limodzi. Palibe chosungira mawa. Ukafuna wambiri, mitsempha iyenera kutanuka kuti magazi achuluke. Tsono mtsempha womwe mafuta aundana m'khoma mwake chifukwa cha fodya, shuga kapena BP sutha kutero, ndipo munthu amamva kulemera pachifuwa akamayenda, n'kusiya akaima.

"Zinkandichitikira pa masitepe a kuntchito," anatero motsitsa mawu. Azakhali anatembenuka. Nkhani imeneyi sanaimvepo.

Kenaka anandionetsa kachipsera padzanja, pomwe analowetsera kachubu mpaka kukafika kumtima. Njira yotsegula mtsempha wa mtima ndi kachibaluni anaiyamba dokotala wina, Andreas Grüntzig, ku Zürich m'dziko la Switzerland mu 1977, timazitsulo tinabwera pambuyo. Amalume anawerengera zaka n'kupeza kuti njirayo ndi yaing'ono kwa iwo.

Mtima uja tinauwotcha pamakala. Amalume anatambasulira dzanja ku chidutswa chamafuta, azakhali n'kusuntha mbale osanena kanthu.