Lachinayi mu saluni: digital perm imodzi tapanga, ina takana

Makina a digital perm, njira yopiringiza tsitsi ndi mankhwala komanso marola otenthetsedwa ndi magetsi, ayaka kamodzi kokha lero, ngakhale owafuna anali awiri.

Oyamba afika 9 koloko, amayi a ku Korea, tsitsi lowongoka, lokhuthala, lofika pansi pa mapewa. Tsitsi lotere ndi limene perm imeneyi inapangidwira, pakuti inayambira ku Japan n'kufalikira ku Korea ndi maiko oyandikana nawo. Tisanatsegule botolo lililonse tawafunsa zonse zimene anapakapo m'zaka zitatu zapitazi: utoto, bleach, henna, mankhwala owongolera. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pa mwezi, ndiye nsonga ya tsitsi lotalika masentimita 30 ili ndi zaka ziwiri ndi theka. Mwini wake akhoza kuiwala zimene anapaka, koma nsongayo ikadali nazo. Awa anangopaka utoto wabulauni kamodzi, bleach ayi. Tayang'ananso mafuta mu jenereta, chifukwa magetsi akathima mankhwala ali kumutu, sungauze tsitsi kuti lidikire.

Tachapa ndi shampu yokha, opanda kondishona, n'kudula kaye kuti tsitsi likhale losanjikizana. Kenako mankhwala oyamba, aja ngati kirimu, okhala ndi thioglycolate. Ntchito yake ndi kumasula timfundo ta salufa timene timagwira keratin, puloteni yopanga tsitsi, mkati mwa tsitsimo, kuti lilole kuumbidwa mwatsopano. Kumizu sitifikako. Tayambira pa mlingo wa makutu kutsika m'munsi, pakati poyamba, nsonga pomaliza, popeza nsonga ndi zakale ndipo zimafewa msanga.

Apa ndi pamene perm imakomera kapena kuonongekera, osati pa makina monga ambiri amaganizira. Mphindi zisanu zilizonse timatenga titsitsi tingapo, kupukuta kirimu, n'kukoka pang'onopang'ono. Likakhala lolimbabe ngati ulusi, silinapse, ndipo mapiringidzo ake adzawongoka pasanathe mwezi. Likatamuka pang'ono n'kumabwerera mwaulesi, lafika. Likatamuka ngati chingamu osabwereranso, ndiye kuti wapyola, ndipo palibe mafuta amene angalibweze. Pa botolo amalemba nthawi, koma chala ndicho chimagamula. Lero pakati pafika pa mphindi 18, nsonga pa mphindi 7 zokha.

Titatsukuluza bwinobwino ndi madzi ofunda, tapaka mankhwala oteteza ku moto n'kuumitsa pang'ono. Tsitsi liyenera kutsala ndi chinyontho choti ukaligwira umve kuzizira, koma madzi asatuluke ukalifinya. Likanyowa kwambiri, madzi amatentha mkati, tsitsi limatuluka lonyankhalala, ndipo madontho otentha amatha kugwera m'khosi mwa kasitomala. Likauma kwambiri, moto umangoliwauza osapinda kanthu.

Marola tasankha a mamilimita 22 kumunsi ndi 26 pamwamba, onse pamodzi 24. Nsonga iliyonse timaikuta ndi kapepala isanakulungidwe, chifukwa ikapindika imatuluka ngati mbedza mpaka utaidula. Pansi pa rola lililonse taika kansalu kokhuthala koteteza khungu, ndiye n'kulumikiza mawaya. Munthu amaoneka ngati wamera mizu kumutu. Makina tawaika pa madigiri 90 kwa mphindi 10, tamasula rola limodzi la kunkhongo, tapeza likadali ndi chinyontho, tawonjezera mphindi 5. Tsitsi lofooka sitilifikitsa pamenepo, timatsitsa moto n'kutalikitsa nthawi. Makina atazima tadikira mphindi 10 kuti marola azizire okha. Kenako neutralizer, amene amamanganso timfundo tija tsitsi lili chipindire. Wathuyu ndi wa bromate, timathira kawiri, mphindi 7 ulendo uliwonse. Kufupikitsa pamenepa n'kutaya ntchito ya tsiku lonse.

Titatsukuluza komaliza, amayiwo ayang'ana pagalasi nkhope n'kugwa, chifukwa tsitsi limaoneka ngati langopindika pang'ono. Ndi mmene digital perm ilili. Perm yakale ya mankhwala ozizira imapotana kwambiri ikanyowa, pamene iyi imadzionetsa ikauma. Tagawa tsitsi panayi, chigawo chilichonse kuchipota ndi chala kulozetsa kumbuyo, dryer pa moto wochepa, kenako kuchinyamula m'dzanja mpaka chizizire. Chigawo choyamba chitangogwera paphewa chili chipotanire, aseka. Zitatu zotsalazo apota okha ife tikuyang'ana, popeza kunyumba sitidzakhalako.

Tawalembera pa kapepala zoti asunge. Asachape kwa maola 48, asamange ndi mphira kapena kupanira kuseri kwa khutu m'masiku amenewa. Shampu ikhale yopanda sulfate, kondishona nthawi zonse, ndipo kamodzi pa sabata apake mankhwala ofewetsa n'kuwasiya mphindi 10. Popukuta azifinya ndi thaulo, osatikita. Chipeso cha mano otalikirana, tsitsi likadali lonyowa, kuyambira kunsonga kukwera. Burashi pa tsitsi louma imamwaza mapiringidzo onse. Chachikulu kuposa zonse, asagone ndi tsitsi lonyowa. Utoto udikire masabata awiri. Akatsatira izi akhala nayo miyezi sikisi kapena kupitirira. Atuluka 1 koloko, maola anayi ndendende.

Masana kwabwera achemwali ochokera kumudzi kwathu komwe, chithunzi chili pa foni, akufuna zomwezo. Kungoligwira tsitsi tadziwa kuti ndi lowotcha ndi relaxer, ndipo avomera kuti papita miyezi iwiri. Tawauza kuti, "Achemwali, pepani, tsitsi lanuli silingalandire mankhwalawa. Tikapaka, litsalira mu sinkimu."

Sikuwaopseza ayi. Relaxer wa sodium hydroxide, ngakhale uja amati no-lye, amasintha timfundo ta salufa kotheratu, moti neutralizer sapeza choti amange. Ukathirapo thioglycolate umangomasula tochepa totsalato, tsitsi n'kuduka. Ngakhale patapita chaka, mbali yowotchayo imakhalabe yowotcha mpaka itadulidwa. Zimatiwawa kuona anthu akulipira ndalama zambiri pamalo amene safunsa n'komwe ngati tsitsi linawotchedwapo ndi relaxer. Nalonso tsitsi lathu lachibadwa si la makina amenewa, popeza ndi lopotana kale, ndipo kuti litenge mapiringidzo aakulu liyenera kufewetsedwa mpaka kuwongoka, kenako kupirira moto.

Akhumudwa, koma sanabwerere chimanjamanja. Tawakulunga ndi marola wamba ndi setting lotion, mphindi 45 mu dryer yaikulu, ndipo zikhala masiku angapo akamagona ndi duku la satini. Akafuna zokhalitsa abweretse wigi ya tsitsi lenileni la munthu, tidule kachingwe kamodzi kunkhongo tiyese kaye, chifukwa mawigi ambiri anadutsa kale m'mankhwala kufakitale. Ya pulasitiki siimva mankhwalawa konse.

Madzulo tatsuka marola, kuumitsa bwino polowera mawaya, n'kupeza waya umodzi wayamba kusupuka pafupi ndi pulagi. Tauchotsa pa makina. Achemwali aja ati wigi abwera nayo Loweruka m'mawa.