Kasupe wa agogo ndi fomu yanga

Ntchito yanga ndi kulemba malo amene anthu amawalemekeza m'madera mwawo, kuti pamene mapuloti akudulidwa pakhale pepala lonena kuti apa pasakhudzidwe. Sabata yathayi ndinali m'mphepete mwa mzinda wa Mzuzu, cha ku Mchengautuba.

Lolemba lonse linathera pakhonde la amfumu. Kumanda sulowa eni mudzi asanakuloleze, ndiye ndinadikira mpaka atabwerako kumaliro. Lachiwiri mvula yowaza ija ya kuno inanditsekera mu ofesi.

Tsiku limene sindikuliiwala ndi Lachitatu. Amfumu anandipatsa agogo ena aakazi kuti andiperekeze. Chichewa chawo n'chosakanikirana ndi Chitumbuka, poti anabwera kuno ali kamtsikana, bambo awo atapeza ntchito pa esiteti ya mitengo ya tung, imene njere zake ankayengera mafuta. Ndi esiteti yomwe ija imene inayamba mu 1947 n'kubala tauni imene inadzakhala mzinda mu 1985. Ine ndimaganiza kuti andionetsa nyumba zakale za azungu. Iwo anangokhotera kudambo, ndodo patsogolo, mpaka tinafika pa kasupe wobisika pansi pa mitengo ya katope.

"Mwanangu, apa mpamene tinkatunga. Nkhwangwa sinkafika pano. Katope akachoka, madzi amamutsatira."

Ndinawerenga mitengo 11 yoimirira, koma zitsa zinali zambiri kuposa pamenepo. Chakumtunda kukufuka mauvuni awiri a njerwa, kumunsi anyamata akukumba mchenga wogulitsa kwa omanga. Sindiwaweruza anyamatawo, nawonso akusaka ya ufa. Koma mtima unandipweteka agogo atawerama n'kutunga madziwo ndi manja, kenako n'kuwataya poti asanduka matope. Anandionetsanso pamene amayi ankasambitsira ana akhanda ndi pamene akuluakulu ankakhala chilala chikavuta. Zonsezi ndinajambula pa foni, malo ake n'kuwatenga pa GPS.

Lachinayi ndinayenda m'malire mwa nkhalango ya Kaning'ina. Matumba a makala amatsika pa njinga m'mamawa, ndipo ukayang'ana mapiri amene amatsetserekera ku damu la Lunyangwa, kumene mzinda wonse umamwa, umaona mabala. Mitengo yachilengedwe imene yatsalako yowirira ndi ya kumanda basi: masuku, mombo, muwanga. Mantha ndi ulemu kwa akufa zagwira ntchito imene ife a mapepala tikuilephera.

Lachisanu ndinakhala pa kompyuta, ndipo mpamene ndinakwiya. Fomu yathu imafunsa chaka chimene chinthu chinamangidwa, amene anamanga, ndi mtundu wa denga. Kasupe ali ndi denga? Tikamanyadira kuti zojambula za m'mapanga a Chongoni zinalowa m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse wa UNESCO, bungwe la United Nations loona za chikhalidwe, mu 2006, tizikumbukira kuti zinasungika chifukwa anthu a m'midzi ya kumeneko ankazilemekeza kalekale wina asanabwere ndi fomu. Kasupe wa agogo sadzafika ku UNESCO, koma kwa anthu a dera lija ndi wamkulu chimodzimodzi.

Ndinalemba mawu a agogo pa tsamba lapadera n'kulimata kumbuyo kwa fomuyo. Amfumu avomera kuitanitsa msonkhano Lolemba likubwerali, oumba njerwa akhalepo, kuti tigwirizane malire a kasupeyo ndi kudzala katope wina mvula isanathe. Agogo ati abwera ndi mpando wawo.