Hedi yanga inapita kokayenda

Poti nkhaniyi yafika kale mpaka ku Bangwe, ndipo ena mukuikamba ngati munalipo, imvani kwa mwini wake. Choyamba, sindinalire. M'maso munalowa parafini.

Mukudziwa kuti Kombi yanga ya 1970 ija, ya bedi ndi kasinki m'kati, inafera pa chitunda cha ku Chikwawa mu Okutobala. Injini yake ili kumbuyo, ilibe ladiyeta, imazizira ndi mphepo basi, ndiye taganizirani mphepo ya kuchigwa cha Shire dzuwa lili paliwombo. Amakaniko anga a ku Chirimba, madala amene anaphunzira ntchito nthawi ya Kamuzu, atagwetsa injini anapeza hedi ya kumanzere, chivindikiro cha masilinda a mbali imeneyo, yang'aluka pakati pa mavavu a silinda nambala 3. Akuti pa injini zakalezi nambala 3 ndi mwana wamasiye: choziziritsira oilo chinakhala mbali yake, mphepo imamupeza itatentha kale. A Volkswagen anadzakonza zimenezi mu 1971, yanga itatuluka kale mufakitale.

Asanamasule, ine munthu wadongosolo ndinalemba 3 ndi 4 pa hediyo ndi kyuteksi wofiira wa mayi a kunyumba, kuti isasokonekere ndi ya kumanja. Madala atanena kuti yatha ntchito, ndinaigulitsa kwa mnyamata uja amayenda ndi wilibala akukuwa kuti akugula zitsulo zakutha. Anati ndi aluminiyamu wabwino, akasungunula apange mapoto. Anandipatsa ndalama ya minibasi yopita m'tauni, yobwerera ayi.

Ndiye kusaka kunayamba. Yanga ndi ya single port, bowo limodzi lolowera mafuta ndi mpweya, pamene zambiri zimene amagulitsa masiku ano ndi za twin port, zomwe sizigwirizana ndi manifodi yanga, paipi yobweretsa mafuta ndi mpweyawo. M'mashopu a ku Limbe anyamata ankandifunsa ngati Kombi ndi mtundu wina wa Hiace. Mmodzi analimbikira kundigulitsa gasiketi ya hedi, chonsecho injini imeneyi ilibe gasiketi ya hedi, silinda imangokhala chitsulo pa chitsulo. Yatsopano yodalirika inapezeka ku Johannesburg. Mtengo wake m'ma randi unkaoneka waulemu, koma mukauvekera makwacha a pambuyo pa Novembala 2023, pamene ndalama yathu inagwa ndi 44 peresenti, kenako muwonjezere wa basi, muwonjezere msonkho pa Mwanza, ndiye madala akuti mahedi amagulidwa awiriawiri kuti mbali zonse zikoke mofanana, mutu unandizungulira. Panalinso zina zatsopano zotchipa, zopanda dzina, koma madala anakana kuzikhudza. Akuti aluminiyamu akatentha amafufuma kuposa chitsulo, ndiye ngati timphete tokhalira mavavu sanatikhomere bwino, kamodzi kamagwera mu silinda, pisitoni n'kukatafuna, injini yonse n'kupita.

Apa m'pamene dobadoba wina anandiimbira. "Bigi, mwayi wanu. Single port, orijino ya ku Germany, yangotsika kumene." Tinakumana kuseri kwa msika ku Ndirande. Anthu inu, hedi ija inali kung'anima! Siliva weniweni, yoyera mpaka m'makona. Ndinanenerera ngati mwamuna, ndipo ndikufuna izi zilembedwe: ndinamutsitsa kwambiri, mpaka anagwira kumutu n'kunena kuti ndamupha. Ndinalipira ndalama ya malata a khonde. Ndinaikulunga m'chitenje, n'kukwera kabaza nditaifungatira pamtima, ndipo amene munandiona pa Makata ndikukubayibitsani, inde ndinali ine.

Pagalaja madala sananene kanthu. Anaigoneka chagada pa tebulo, n'kuthira parafini m'mabowo oyakira moto kuti aone ngati mavavu akutseka. Mbali ina parafini anakhala phee. Mbali inayo anayamba kuchepa tonse tikuona, n'kudonthera pa nsapato yanga. Madala anatenga kansalu konyowa ndi thina n'kupukuta pakati pa mavavu. Siliva anachoka. Pansi pake panali phala lomatira zitsulo, lopakidwa mwaluso ndithu, munthuyo ntchito amaidziwa. Anakanda ndi sikuludiraiva, mng'alu n'kutulukira. Ine mumtima ndinati, komatu mng'alu uwu ukufanana ndi winawake.

Kenako anaitembenuza, n'kupukuta pambali.

Chinayamba kuoneka ndi kamchira kofiira. Madala anapukuta pang'onopang'ono, dala, lilime lili pakona ya mlomo. Kamchira kanasanduka mimba, mimba inabala inzake pamwamba. 3. Anasuntha chala, napukutanso. 4. Osati 4 wamba, koma 4 wanga, wotseguka pamwamba, amene aphunzitsi a Sitandade 2 anandikwapulira chaka chathunthu osatheka kumuwongola. Galaja yonse inangoti zii, ngakhale wowotcherera uja anazimitsa makina. Ine ndikuyang'ana hedi, hedi ikundiyang'ana ndi mabowo ake a mapulagi. Tinadziwana. Ngakhale chipsepse choziziritsira hedi chimene ndinachibenthula ndekha ndi sipanala chinali pomwepo, atachipenta bwinobwino.

Madala anavula chipewa, anawerama pang'ono, n'kuomba m'manja mwaulemu. "Mwabwerako, amayi? Mwayenda bwanji? Ku Germany kuli bwanji?" Kamnyamata kophunzira ntchito kanagwa pansi, kanakwawira kunsi kwa lole n'kumakaseka komweko, miyendo yokha ikuoneka ikuphiriphitha. Wina anathamangira kukaitana amayi ogulitsa mandasi kuti adzaone. Madala anapitiriza kucheza ndi hediyo, kuifunsa ngati inadya m'njira, kuiyamikira kuti yanenepa. Atatopa anatembenukira kwa ine: "Bwana, mu Blantyre muno mukuganiza kuti mahedi a single port amene akungoyendayenda alipo angati?"

Funso limenelo ndi losalungama. Brazil anapanga Kombi mpaka 2013, dziko lonse lapansi ladzaza masipeya ake, nanga ine ndikanalota bwanji kuti pa mahedi onsewo yondipeza ikhala yanga yomwe? Komanso onani mbali inayi: dobadoba uja sananame zonse. Hediyo ndi ya ku Germany ndithu, orijino, ndipo pa injini yanga ikanakwana ndendende popanda kusema. Ndi angati mwa inu munagulapo sipeya yokwana chonchi? Aja munagula mashokabuzoba a kumanzere okhaokha, khalani chete.

Foni ya dobadoba ikungoti nambala yomwe mwaimba siikupezeka. Mayi a kunyumba sanakalipe, anangofunsa kuti kodi kyuteksi wawo ndi amene anathera pamenepo, ndiye n'kutuluka kukayang'ana khonde lopanda malata kwa nthawi yaitali. Kombi ili pa mathanthwe kuseri, achimwene awo akabwera kuchokera ku Thyolo amagona momwemo, akuti bedi lake ndi labwino.

Loweruka mnyamata wa wilibala anadutsanso. Ndinamutulutsira hedi ija osanena kanthu. Anaitembenuza, anainyamula kuyesa kulemera, nkhope ili gwa ngati sanaionepo. Akuti ya ulendo uno mtengo utsika, chifukwa ili ndi penti.